Mapazi Anayi Opelewela

"Amake mwana, chingwe chakale ichi mumasungilanji, chitsime mulibe?" Anandifunsa motelo mayi wa nyumba yoyandikana nafe, ataona chingwe cha mphila pamsomali kuseli kwa chitseko. Ndinangoti n'cha amayi. Mwana anali kubele, ndipo nkhaniyo ndi yaitali.

Chitsimecho chinali kuseli kwa nyumba yathu ku Chikomeni. Madzi ake anali otuwa pang'ono, ozizila mpaka m'mano. Chaka chimene kolela inamveka m'matauni, a zaumoyo analamula kuti khomo lililonse likhale ndi chimbudzi. Atate anali atamwalila, ndiye anatikumbila ndi amalume. Anasankha pamene nthaka inali yofewa. Tinayamikidwa, ati khomo lomvela.

Chaka chotsatila, dzuwa la Okutobala litakwiya, kunabwela wa zaumoyo wina, bambo wamtali wa njinga. Anaima pachimbudzi n'kuyamba kuyenda kulinga kuchitsime akuwelenga mapazi. Ankafuna makumi atatu. Anapelewela anayi.

"Bwana, miyendo yanu ndi yaitali," anatelo amalume. "Ayeze mwana uyu."

Bamboyo anaseka pang'ono. Amayi anati ndiye tikwilile chimbudzicho. Iye anati nthaka inamwa kale.

Chitsimecho anachikwilila Loweluka, ndi miyala komanso dothi la pachulu. Mwala woyamba unalila m'madzi. Yotsatila inkangogunda inzake. Amayi anakulunga chingwe n'kulowa nacho m'nyumba.

Pambali pa chitsime panali nazale yathu ya fodya, mbande zitatulutsa masamba anayi. Mjigo wovomelezeka unali kusukulu, mtunda wa ola lathunthu, ndipo kumeneko ankalola madzi akumwa okha, osati othilila. Amayi mwendo unkawavuta, choncho chidebe chinali changa. Ndinkaima pamzele kuyambila mbandakucha, ndikumva anzanga a giledi sikisi akuyankha m'kalasi. Aphunzitsi ankandiona pawindo. "Mawa ubwele ndi kope, osati chidebe," ankatelo. Ndinkavomela.

Tinayesa kuthilila mbande ndi madzi otsukila mbale. Zinachita chikasu, kenako zinagona. Mvula itagwa tinalibe chowokela. Amalume anapita kukagwila ganyu m'mafamu a ku Kasungu, kuti abwela akakolola.

Lelo sindinena kuti bambo uja analakwa. Mwana wangayu madzi ake ndimawilitsa, ndipo chimbudzi chathu ndinayeza ndekha, mapazi aakuluakulu. Pakhomo pathu ku Chikomeni palibe amene anadwala kolela. Kaya akanadwala, sindidziwa.

Nthawi imeneyo ine ndinkaganiza kuti madzi adakali pansi pa miyala, akutidikila, ndipo kuti amayi asunga chingwe chifukwa bamboyo adzabwelanso kudzayeza bwino. Sindinkadziwa kuti zatha.

Chitsime chimodzi, fodya wa chaka chimodzi, amalume amene sanabwelenso, ndi giledi seveni imene sindinalowe.