Alamu Anga pa Chinsalu Choyera

Ine makomiti amanditsata ngati ndinawalakwira. Kusukulu ndili m'komiti ya phala la ana, kumpingo ya maliro, ndipo chaka chimene tinaonetsa mafilimu ku Mlowe anandiponyanso m'komiti ya matiresi. Amayi odikirira odwala pachipatala chathu chaching'ono ankagona pasimenti, ndiye wina wozindikira anabwera ndi nzeru yoti tionetse timafilimu tojambulidwa ndi anthu a konkuno ku Rumphi, anthu alowe ndi kangachepe, tigule matiresi. Onse anaomba m'manja. Ntchito yake inagwera ine, poti anthu amaganiza kuti mphunzitsi satopa.

Timafilimuto tinabwera titatu. Lachinayi nditaweruka ndinakhala mu ofesi ndi laputopu ya sukulu kuti ndione ngati mulibe zolaula, chifukwa holo tinabwereka ya mpingo. Koyamba kanali ka msewu wa ku Katowo, mapikapu atatitimira m'matope, anthu akukankha. Kachiwiri kanali sewero la chidakwa, limene silinandiseketse ngakhale pang'ono. Kachitatu anajambula ndi bambo wina wokonza mafoni ku Mhuju, ndipo kanali ka amayi oyanika usipa kunyanja kwathu kuno. Ndinali nditayamba kuwodzera pamene pagalasipo panatulukira alamu anga, achemwali awo a amuna anga.

Alamu angawo ndi mayi wamasiye, ndipo ana anayi anawaphunzitsa ndi usipa womwewo. Mwezi wotsatira ankayenera kudzozedwa kukhala mkulu wa mpingo, chinthu chimene anachidikira zaka zambiri osachitchula pakamwa. Mufilimumo anali okha pathandala, akutembenuza usipa ndi zala zawo zopindika zija. Zinali zokongola, sindinama. Koma kuseri kwa phokoso la mafunde kunkamveka belu, kenaka mpingo wonse ukuyimba nyimbo yotsegulira mapemphero. Linali Lamulungu m'mawa, ndipo ndinalikumbukira bwinobwino. Mvula inavumba Loweruka lonse, usipa unali pafupi kuwola, ndipo alamu anandituma kuti ndikawapepesere kwa akuluakulu a mpingo kuti miyendo yatupa. Bodzalo ndinalinyamula ndine, Baibulo lili kukhwapa. Ndinatseka laputopu pomwepo.

Kuno Sabata saseweretsa. Zambiri anthu amakhululukirana, koma kugwira ntchito belu likulira, n'kunamanso pamwamba, si za munthu wofuna kukhala pampando wa akulu. Kuchotsa filimuyo sindikanatha, chifukwa ndi imene anthu a kunyanja ankabwerera, aliyense kufuna kudziona. Kuwauza alamu ndinachita mantha. Ine ndine mtengwa wochokera ku Dedza, ndipo ngakhale ndakalambira kuno, pali nkhani zina zimene sindiziyamba ndine. Komanso ndinali wotopa, zoona zake n'zimenezo, ndipo munthu wotopa amasankha njira yachidule. Ndinaganiza zongotsitsa mawu filimuyo ikafika pamenepo, ine n'kumalankhula pamayiki.

Loweruka masana tinatchinga mawindo ndi mabulangete kuti mukhale mdima, ndipo kutsogolo tinapachika nsalu yoyera ya pabedi panga. M'holomo munatentha zosasimbika. Jenereta inazima kawiri, ana ankalira, anthu ankalowa ndi kutuluka ngati pamsika. Abusa ndi akuluakulu anakhala benchi yoyamba, alamu yachitatu, atamanga duku latsopano. Filimu ya ku Katowo anthu anaikuwiza, ya chidakwa anaseka mpaka misozi, ine ndekha ndili duu pafupi ndi sipika.

Nkhope ya alamu itangooneka, holo yonse inalulutira. Ine ndinapotokola kabatani, mawu n'kuzimiratu. Wokonza mafoni uja anandithamangira.

"Madamu, sawundi yapita kuti? Ndinaivutikira chomene imeneyo!"

"Ndi waya, bambo. Khalani pansi, ibwera."

Ndinatenga mayiki n'kuyamba kufotokoza mmene usipa umayanikidwira. Tangoganizani, munthu wa kumbatata kuphunzitsa anthu obadwira pathandala kayanikidwe ka nsomba! Ndinalankhula za dzuwa, za mphepo, za kulimba mtima kwa amayi, mawu akutuluka okha opanda mutu. Kamera inayandikira nkhope ya alamu, ndipo ndinaona chimene Lachinayi sindinachione: milomo yawo inkayenda. Ankayimba limodzi ndi mpingo, manja ali pausipa. Mayi wina wachikulire kumbuyo anaizindikira nyimboyo pongoyang'ana milomo, n'kuyiyamba m'Chitumbuka. Ena analandira. Posakhalitsa holo yonse inkayimba, ngakhale abusa, ndipo ine ndinatsitsa mayiki n'kupuma, ndikuti basi tapulumuka, munthu akhoza kuyimba tsiku lililonse.

Kenaka kumbuyo kwa alamu, m'kanjira kokwera kutchalitchi, kunadutsa amayi awiri ochedwa, atavala zoyera za mpingo, mabuku a nyimbo m'manja, akuthamanga. Aliyense anawazindikira, poti eni akewo anali m'holo momwemo. Nyimbo ija inayamba kufa benchi ndi benchi mpaka inatsala ndi mayi wachikulire uja yekha, amene maso ake saona patali. Mlembi wa mpingo anaweramira abusa n'kunong'ona. Alamu sanatembenuke, anayang'ana nsaluyo mpaka mayina a ojambula atatha.

Anthu atabalalika ndinayamba kutsitsa mabulangete. Ndinangoona munthu wagwira nsonga ina kuti tipinde limodzi. Anali alamu.

"Mulamu, filimu iyi munaiona kale?"

"Eya, alamu. Lachinayi."

"Ndipo sawundi ija si waya."

"Ndimafuna kukutchinjirizani."

Anapinda bulangetelo mosamala, ngodya ndi ngodya, n'kuliika pabenchi.

"Yewo. Koma mukanandiuza, Lachisanu ndikanapita ndekha kwa abusa, n'kunena ndi pakamwa panga kuti usipa umawola ndipo ana amafuna fizi. Akanandidzudzula m'nyumba, chitseko chotseka. Inu mwandisiya ndamanga duku latsopano, ndakhala kutsogolo, osadziwa kanthu."

Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire. Masiku awiri athunthu ndinali nawo, ndipo nyumba zathu zimaonana.

Akuluakulu atakumana anati dzina lawo lidikire kaye. Chaka chotsatira anasankha munthu wina, chinacho winanso, ndipo alamu sanafunsepo chifukwa. Kutchalitchi sajomba, abusa amacheza nawo, mlembi uja amamugulitsa usipa ndi basela pamwamba. Kale ankalowa m'khitchini mwanga osaodira, n'kuvundukula miphika n'kundinyoza kuti ndiwo zanga n'zopanda mchere. Masiku ano amaima pabwalo, amaodira, amandipatsa moni wa ulemu wonse, ndipo ndikawapatsa mpando amati akuthamangira.