Tsiku Limene Amayi Anavina pa Chionetsero cha Azungu

Chivundikiro cha poto chija ndimachikumbukabe. Chinali chobendera pakati ngati wina anachiponda, moti tikamaphika nyemba nthunzi inkathawira m'mbali. Anachibenda ndi amayi, ndi supuni yaikulu, pamsewu wa ku Kings Heath, chaka cha 1990, nyengo ija mitengo imayamba kuphuka koma mphepo ikadaluma makutu.

Ndiyambe bwino, poti ine ndikamalankhula ndimadumpha. Tinali titangofika kumene ku Birmingham. Amalume anali pa yunivesite, pa sikolashipu ya boma la kwathu, ndiye anaitanitsa amayi kuti adzawalerere khanda chifukwa akazi awo nawonso anali pasukulu. Ine ananditenga poti panalibe wondisiyira. Chizungu changa chinali yesi ndi no. Cha amayi chinali yesi yekha, ankati kukana mwini dziko ndi mwano.

Kukhomo loyandikana nafe kunkakhala mayi wina wachizungu, wa mawu okhuthala ndi fodya. Loweruka lina anagogoda atavala chijasi chodzaza mabaji, m'manja muli poto ndi chikho, akuloza kumsewu kuti tiyeni, aliyense akupita. Tsono mumvetse. Kwathu nthawi imeneyo, mayi wa baji akagogoda n'kunena kuti aliyense akupita, sunkafunsa. Unkasiya mtondo, kumanga chitenje, kukavinira mtsogoleri. Wotsala ankadziwika. Amalume anali ku laibulale, ndiye amayi anangomanga chitenje pamwamba pa jasi, khanda kumsana, chivundikiro m'manja, ine pambuyo.

Kumsewu kunali fungo la tchipisi cha vinega, kamvula kowaza, mawezulo, agogo okoka tiagalu, amayi okankha ana m'tingolo. Apolisi ankayenda m'mbali manja ali kumbuyo. Amayi atawaona mtima unakhala pansi. "Waona, ndi za boma," anandiuza. Chimene chinawasautsa n'chakuti azunguwo sankatha. Nyimbo panalibe, ankangokuwa, kuyenda kwake ngati akuchokera kumaliro. Ndikuwamva mpaka lero akudandaula: "Mtsogoleri wawo akafika apeze manyazi amenewa?"

Basi anaganiza zowathandiza. Anayamba kumenya chivundikiro, kuponda sitepe ya chimtali, kenako nthungululu. Anthu anapatuka, kupanga bwalo, kuomba m'manja mosemphasempha, mpaka anawakankhira kutsogolo penipeni, pansi pa chinsalu cholembedwa. Panali bambo wa kamera akuyenda chafutambuyo. Ine ndinkalumpha, nsapato zitanyowa, kudzimva mwana wa munthu wotchuka. Galimoto ya mtsogoleri tinaidikira koma sinabwere. "Mwina sakupeza bwino," anatero amayi tikubwerera.

Mkati mwa sabata amalume analowa ndi nyuzipepala ya m'dera lathu, nkhope ili gwa. "Achemwali, mukudziwa chimene mumavinira?" Amayi anali patsamba loyamba, pakamwa pali yasa, khanda likusuzumira paphewa. Amalume anafotokoza kuti kunabwera msonkho watsopano, ankauti poll tax, wa pamutu, wolemera ndi wosauka chimodzimodzi. Anthu aja ankaukana. Chinsalu chinali pamutu pa amayi chija chinkati sitilipira, ndipo mtsogoleri achoke. Amayi anatsika pampando n'kukhala pansi pa kapeti.

Lero ndimaseka, koma ndikaganiza bwino sizinali zoseketsa. Pakati pa ophunzira athu panali ena otumiza nkhani kwathu. Mlongo wa munthu wa sikolashipu kutsogolera anthu okana boma, ngakhale boma la eni, zikanatha kuwathetsera sukulu amalume, ndipo pobwerera sakanadziwa adzawalandira ndani pabwalo la ndege. Amalume anathamangira kusitolo ya pakona n'kugula nyuzi zonse, kuzibisa kunsi kwa bedi. Mwini sitolo anayesa ndi kunyada, ndiye anapeza ina n'kuimata pawindo kuti atisangalatse.

Kusukulu kwanga nako aphunzitsi anabwera nayo nyuziyo n'kuikhoma pakhoma. Anatiuza kuti anthu a dziko lino anayamba kalekale kuukira, pa nkhani za buledi, za makina olanda ntchito, ndipo kuti alimi ena akale anayendapo mpaka ku London atanyamula zikwanje chifukwa cha msonkho wa pamutu womwewo. Sindinamve zonse, ine sukulu sinkandilowa kwenikweni, koma za zikwanjezo ndinakazifotokoza kunyumba. Amalume anaseka koyamba sabata imeneyo. "Msonkho umenewu anatibweretsera ndi iwowa, agogo athu mpaka kugona kutchire. Kani kwawo saufuna."

Lamulungu tinapita kutchalitchi chimene Amalawi ndi anthu a ku Zambia ankakumana. Kunali bambo wina amene ankati akayandikira, anthu ankasintha nkhani n'kuyamba za mpira. Titatuluka analunjika kwa amalume, ine nditawagwira dzanja. Bamboyo anayang'ana amayi, kuyang'ana khanda, n'kunena kuti, "Achimwene, mwaona m'nyuzi mayi wa ku Zambia uja? Anzathuwa alibe mantha." Amalume anavomera msanga. "Eetu, a ku Zambia." Zinathera pomwepo. Amalume sukulu anamaliza bwinobwino, ndipo amayi mpaka kukalamba kwawo pabanja tinkawati Nazambia.

Koma chimene ndimafuna kunena ndi ichi. Patapita masabata, mayi wa mabaji uja anagogodanso, ndipo amayi, akudziwa zonse tsopano, anapita. Khanda analisiya, chitenje anachisiya, anadzikulunga sikafu mpaka m'maso. Sanavine. Tinaima kumbuyo, pafupi ndi poimira basi, mpaka zonse zinatha. Anthu anapinda zinsalu zawo, ena analowa mogula tchipisi, wina anafunsa wapolisi nthawi, wapolisiyo n'kumuonetsa wotchi. Ine ndinali nditazizidwa, ndiye ndinafunsa kuti tikudikiranji poti gule watha. Amayi anati, "Ndikufuna ndione ngati onsewa akagonedi kwawo."

Ndinawayang'ana n'kudabwa kuti munthu wamkulu angafunse zotero. Nanga akanakagona kuti?