Thadzi la Kansalu Kofiira

Mpaka lero sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga, kuti nkhuku imene inalowetsa chitopa m'khola la mphatso inali yanga. Papita zaka zitatu tsopano.

Ndinali nditangoyamba uphunzitsi pasukulu ina kufupi ndi Nsipe, satifiketi yanga idakali yoyera pakhoma. Kunamveka kuti kuboma kubwera mlendo wamkulu, ndipo amayi otsogolera chipani anayenda khomo ndi khomo kunena kuti banja lililonse lipereke nkhuku. Zoterezi munthu sufunsa kawiri. Anati aliyense amange kansalu kumwendo kwa nkhuku yake kuti opereka adziwike. Zonse zinkakasungidwa kwa abambo ena achikulire, ofedwa mkazi, amene anali ndi khola lalikulu kuseri kwa tchalitchi. Ankakonda kumuninkha nthochi mwana wanga tikamadutsa.

Mwanayo anali atangochira chikuku, nthiti zili pamtunda, ndipo asisitere a kuchipatala cha ku Nzama anandiuza kuti ndizimuswera dzira m'phala tsiku lililonse. Mathadzi anga atatu ankaikira. Lachinayi, lakuda, limene ndinagula ku Lizulu sabata yomweyo, linali litayamba kuwodzera masanasana, mapiko ali pansi, zija amati yavala jekete. Chitosi chake chinali chobiriwira. Ndisaname kuti sindinkadziwa. Zizindikiro zimenezi ndinkazilemba ndekha pabolodi pophunzitsa zaulimi, n'chifukwa chake ndinali nditalitsekera palokha m'khitchini.

Ndinalimwetsa madzi a tsabola kuti lichangamuke. Kenaka ndinang'amba kansalu m'mphepete mwa nsalu yofiira imene ndinkaberekera mwana, nsalu yoti mudzi wonse unkaidziwa, n'kulimanga kumwendo.

Abambo aja polilandira analiyeza m'manja. "Aphunzitsi, nkhuku yanuyi ili ndi tulo ngati mwana wasukulu bwanji?"

Ndinawayankha kuti langochoka kumene pofungatira. Anaseka, n'kuliponya m'khola pamodzi ndi zinzake.

Sabata isanathe zinayamba kugwa. Ndikamapita kusukulu m'mawa ndinkazipeza atazindandalika padzala, tinsalu tamitundumitundu tili kumiyendo. Chitopa chinatuluka m'kholamo n'kulowa m'mudzi, mpaka kunja kunkacha popanda tambala wolira. Tsiku loti mphatso zinyamuke litafika, munalibe choti n'kunyamula. Kunabuka mawu oti abambowo anazithira mankhwala dala pofuna kuchititsa manyazi mudzi. Galimoto ya apolisi inadzawatenga dzuwa lili paliwombo. Ine ndinali m'kalasi, choko kumanja, ndikuona pawindo. Ndinaganiza za ntchito yanga ndi za amene angalere mwana wanga ine n'tatengedwa, ndipo ndinapitiriza kulemba.

Loweruka lotsatira ndikuchapa kuseri kwa nyumba, ndinamva mwana akuseka yekha pakhonde. Nditazungulira ndinalipeza thadzi lakuda lija litaima patsogolo pake. Khosi linali litapotoka, mlomo utaloza kumwamba, diso limodzi lili pa ine. Likafuna kupita kutsogolo linkayenda chobwerera m'mbuyo. Silinalire. Kuchokera kutchalitchi kuja pali dambo ndi minda iwiri, ndipo sindidziwa mmene linadutsira lili choncho, ndiponso kumene linkabisala masiku onsewo. Kansalu kanali kadakali kumwendo, ndipo mwana anali atakhalira nsalu imene ndinakang'ambako.

Ndinayang'ana kunjira. Anthu anali kumadimba. Kwathu kuno amanena kuti nkhuku yobweretsa matenda ndi imene imatsala, choncho aliyense akanaliona sakanafunsa zambiri. Ndikanatha kulinyamula n'kukauza amayi a chipani aja kuti abambowo alibe mlandu. Ndinaima nalo m'manja kanthawi ndithu, mtima wake ukugunda pachikhatho changa. Kenaka ndinapita nalo kuseri kwa bafa. Kupotola khosi lopotoka kale n'kovuta, manja sadziwa kolowera. Ndinaliponya m'chimbudzi, n'kuponyamonso nsalu yonse yofiira.

Mathadzi anga atatu aja anafa sabata yomweyo. Mazira amene ndinkateteza anatha.

Abambowo anabwerako patapita miyezi isanu, ataonda, akuyankhula motsitsa. Nkhuku sawetanso. Tsiku lina tinakumana pachigayo, ndipo anamuninkha mwana nthochi monga kale. Kenaka anandiyang'ana kumsana.

"Aphunzitsi, nsalu yofiira ija simuberekeranso?"

Ndinati inatha. Anagwedeza mutu n'kunyamula thumba lawo.

Mwana wanga anachira, pano ndi wonenepa. Koma nthawi zina akamasewera pabwalo amapendeketsa khosi, nkhope kumwamba, n'kumayenda chobwerera m'mbuyo, osaseka. Nthawi ija anali wazaka ziwiri zokha, sangakumbukire. Ndikamukalipira amangondiyang'ana ndi diso limodzi.

Inu amene mwabereka mwana wodwala kumsana, ndiuzeni. Tsiku lija ndili ndi thadzi m'manja, ndikanalowera njira ya kwa amayi a chipani? Kapena ndinachita bwino kupita nalo kuseri kwa bafa?