Ndinaperekeza Galu ku Umtali

Mzungu amene ndinkamuphikira atapuma pa ntchito yoyang'anira nkhalango ya paini pa Phiri la Dedza, anandiuza kuti akukakhala ku Umtali, m'dziko la Rodeshiya. Anali nkhalamba yopanda mkazi. M'bale wake anali galu wamkulu wofiira, dzina lake Buluno.

"Galuyu sadya akapatsidwa ndi wina koma iwe, Filipo. Tiye tonse," anatero.

Ndinavomera pomwepo, ndisanafunse ngakhale mkazi wanga Nambewe, amene anali ndi pakati kumudzi ku Kasina.

Mapepala a galu anatuluka msanga: jekeseni, kalata ya dokotala wa ziweto, chidindo, basi. Chiphaso changa chinatenga miyezi itatu. Lolemba lililonse ndinkapita ku boma, khadi la chipani lili m'thumba, n'kumangouzidwa kuti ndibwerenso. Kalaliki wina atawerenga chifukwa cha ulendo wanga, anaseka. "Ndiye inu mukuperekeza galu?"

Ku Umtali bwana analemba wophika wina. Ine ntchito yanga inali kusambitsa galu, kumuchotsa nkhupakupa, kumuyendetsa m'mawa ndi madzulo. Nyama imene ankadya tsiku lililonse, ana anga ankailawa pa Khirisimasi pokha. Lamulungu ndikachoka ku Misa, amene ndinkamulankhula Chichewa anali galu yemweyo. Koma m'makalata opita kumudzi ndinkalemba kuti ndine kapitawo wa pafamu, ndikuyang'anira anthu ambiri.

Chaka chachinayi ndinalandira telegalamu yoti mayi anga akudwala kwambiri, ndibwere. Sabata imeneyo bwana anali m'chipatala.

"Ukapita, Buluno atsala ndi ndani?" anandifunsa.

Ndikanatha kupempha wophika uja. Ndikanatha kungonyamuka. Lero ndikaganiza, ndimadziwa kuti bwana sanandimange miyendo: ndinkaopa kufika kwathu anthu n'kundifunsa za famu. Ndinapinda pepalalo, n'kupita kukayendetsa galu. Patapita milungu iwiri, kalata inabwera yoti mayi anaikidwa.

Galu anafa ndi ukalamba, bwana namutsatira chaka chomwecho. Ndinabwerera nditatha zaka zisanu ndi ziwiri, nditavala suti, wailesi ili m'manja. Abale atasonkhana kudzandilonjera, ndinayamba kusimba za famu. Amalume ankangogwedeza mutu, osafunsa kanthu.

Mawa lake ndinatsatira Nambewe kumunda kokumba kachewere. Anakumba mizere iwiri, kenako anaimika khasu.

"Bambo a Tereza, za famu zija zisiyeni. Tinkadziwa kalekale. A Likisho, a kutsidya kwa dambo aja, ankagwira ntchito komweko, ndipo anakuonani mutagwira chingwe cha galu."

"Ndiye anthu ankandiseka?"

"Aseke chiyani? Ntchito ndi ntchito. Amayi anu ankati bola mwana wawo sakuba. Chimene anthu ankafunsa n'chakuti bwanji simunabwere. Amayi anakudikirani masiku asanu ndi anayi, akumvetsera galimoto iliyonse yodutsa."

Ndinamva kuti amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza masiku onsewo anali Nambewe, mwana ali kumsana. Sanandilembere zimenezi m'kalata ngakhale imodzi.

Madzulo tinapita kumanda a mpingo. Ndinatsogola ngati wodziwa njira, ndinavula chipewa, n'kugwada pa mtumbira wina wa mtanda wofufutika dzina. Ndinali nditayamba kale kupemphera pamene Nambewe anandikoka jekete.

"Si pamenepo," anatero chapansipansi. "Bwerani kuno, ndikuonetseni."