Makutu a Kavalo wa Achemwali

Achemwali anga amagwira ntchito imene amayi mpaka lero amalephera kuilongosola. Anzawo akawafunsa, amangoti, "Amasoka maukonde pa kompyuta." Ndipo sanama kwenikweni.

Ine ntchito yanga ndi yometa anthu, koma pokhala nyumba imodzi ndi achemwali ndatolako pang'ono. Chilichonse chimene mumaona m'masewera a pafoni, kaya ndi mtengo, galimoto kapena msilikali, m'kati mwake mulibe kanthu, ngati chigoba cha dzira. Khungu lake ndi ukonde wa tizigamba ta makona atatu tolumikizanalumikizana. Tizigambato tikachuluka, chinthu chimaoneka chosalala, koma foni yotchipa imatentha n'kuyamba kukakamira. Tikachepa, foni imathamanga, koma munthu amatuluka ndi mutu ngati bokosi. Ojambula zinthu zimenezi amafuna zida zodulira ukondewo, zolumikizira, ndi zochepetsera tizigamba popanda kuononga maonekedwe. Achemwali sajambula ayi. Iwo amapanga zidazo.

Si zimene ankafuna. Ali mwana ankajambula paliponse, kuseri kwa kalendala, pakhoma la kubafa, ngakhale pamsana panga ndi bolopeni. Atamaliza maphunziro a kompyuta anakafunsira ntchito yojambula pa kampani ina yopanga pulogalamu youmbira zinthu zoterezi. Anawayankha kuti ojambula alipo kale ambiri, chosowa ndi munthu wokonza kachida kena kodulira kamene kankavuta. "Mungoyamba ndi kameneka," anatero. Achemwali anakakonza bwino kwambiri, ndipo tsoka lawo linayambira pomwepo. Wodziwa kunola makasu samutumanso kumunda.

Amagwirira ntchito kunyumba, m'kachipinda kamene kale tinkaunjikamo masutikesi ndi njinga yakufa. Muli tebulo logwedera, masikirini awiri, fani yolira ngati ikudandaula, ndi makapu a tiyi amene amazizira asanamwedwe. Windo lake limayang'ana khoma la aneba. Pa sikirini ya kumanzere nthawi zambiri pamakhala kavalo wotuwa, wopanda maso, wongoima. Chida chilichonse chatsopano amayamba achiyesera pa iye. Kavalo ameneyu waona mavuto. Ndamuonapo atathyoka miyendo, atabooka pamimba, tsiku lina atatembenuzika khungu ngati sokosi.

Chaka chatha abwana awo, bambo amene ine ndimangowadziwa mawu pa sipika, anawapatsa ntchito yopanga chida chochepetsera tizigamba. Cholinga chinali chakuti wojambula akangokoka kabatani, chinthu cha tizigamba zikwizikwi chitsale ndi tochepa, koma chizizindikirikabe. Inawatengera miyezi. Pa mipando, miyala ndi nyumba chinkayenda bwino. Pa kavalo chinkadya makutu.

Tsiku lina nditabwera kudzadya masana anandiitana.

"Iwe, tabwera udzaone."

Anakoka kabatani kaja pang'onopang'ono. Thupi la kavalo linayamba kuchita makonamakona, koma anali kavalo ndithu. Kenako makutu anafota, anapindika, basi zii, palibe.

"Achemwali, mwayamba kumeta kuposa ine," ndinatero.

Sanaseke. Anandifotokozera kuti khutu ndi lopyapyala, kutsogolo ndi kumbuyo kwake n'koyandikana kwambiri, ndiye chidacho chimayesa n'chigamba chimodzi n'kumata zonse pamodzi. Akachiletsa kukhudza zinthu zopyapyala, chinkasiyanso masamba onse a mitengo ndi tsitsi lonse la anthu, foni n'kulemedwa ngati kale. Akakonza apa, pankaphulika apo.

Ojambula nawo sanagone. Mauthenga ankalowa ngati mvula. Wina anati zala za msilikali wake zamatana ngati phazi la bakha. Wina anafunsa ngati wopanga chida chimenechi anayamba waonapo nyama yamoyo. Achemwali ankawerenga onse, kuyankha onse mwaulemu, kenako n'kumadzitikita pachipumi.

Nthawi yomweyo dzanja lawo lamanja linayamba kuchita dzanzi. M'mawa wina kapu inangopulumuka yokha n'kusweka. Adokotala anawamanga kansalu kolimba pamkono n'kuwauza kuti apumule. Achemwali anangosamutsira mausi ya kompyuta kumanzere n'kuyamba kuphunzira ngati mwana wa sitandade wani.

Amayi atabwera kudzationa, anaima pakhomo la kachipindako nthawi yaitali, chikwama chili m'manja.

"Mwanawe, kavalo ameneyu ndi wa ndani?"

"Si wa munthu, amayi. Ndi woyeserapo chabe."

"Nanga akakhala wopanda makutu, akulira ndani?"

"Ambiri, amayi."

"Ine ndikuona ukulira ndiwe. Taona nkhope yatha. Mnzako uja munkayenda naye ali kuti?"

"Anatopa n'kudikira."

Amayi anatola makapu onse patebulo n'kupita nawo kukhitchini, ndipo tinkangomva akuwatsuka mwaukali.

Yankho linabwera patapita masabata angapo, popanda mwambo uliwonse. Achemwali anachiphunzitsa chidacho kuti chiziyamba chaona kumene chigamba chilichonse chayang'ana. Ziwiri zofulatirana, ngakhale ziyandikane chotani, chisazimate. Ndinawapeza madzulo ena ataika mutu patebulo. Pa sikirini kavalo anali chiimire, wamakonamakona ngati wosema ndi nkhwangwa, koma makutu ali njo.

"Zatheka?" ndinafunsa.

"Zatheka."

"Ndiye mwagoneranji patebulo? Tiyeni tikagule kenakake kozizira."

"Ndikufuna ndisangalale," anatero osadzutsa mutu, "koma sizikubwera."

Chida chija chitatumizidwa kwa ojambula, madandaulo anangoleka. Palibe anati zikomo. Ine zinandipweteka, koma achemwali anati ndi mmene zimakhalira, mpeni amaukumbukira tsiku limene wabuntha. Sabata imeneyo anadya bwino, anachapa nsapato, anamuimbira foni mnzawo wina wa kusukulu n'kuseka mpaka kutsokomola.

Lolemba lotsatira kunali msonkhano wa pa kompyuta. Ndinali pakhonde ndikupukuta mashini anga ometera, ndipo chitseko chinali chotsegula. Abwana anayamba ndi kuyamikira onse. Kenako anati kampani yaganiza zosintha maziko a pulogalamu yonse kuti izithamanga pa makompyuta atsopano. Zida zakale sizigwiranso ntchito pa maziko amenewo. Zonse zilembedwenso, kuyambira chodulira mpaka chochepetsera chomwe changotha kumenechi.

"Ndipo palibe amazidziwa kuposa inu, mayi," anatero.

Achemwali anakhala chete mpaka abwana anafunsa, "Mukundimva? Kapena ndi netiweki?"

"Ndikukumvani, bwana. Ndifunseko. Zimenezi zikadzatha, ndingapite kwa ojambula?"

Abwana anaseka, osati mwachipongwe. "Tikakutayani kumeneko, zida atipangira ndani?"

Ndinayesa kuti aphulika, kapena asiya ntchito pomwepo. Ndinali nditaima kale, chopukutira chili m'manja. Koma analankhula motsitsa mawu, ngati munthu amene wayenda ulendo wautali wapansi.

"Ndizilembanso. Koma Lachisanu sindizitsegula kompyuta. Dzanja langa ndi limodzi latsalali."

Abwana anazungulirazungulira, anatchula ojambula amene akudikira, anatchula nthawi yochepa. Achemwali sanasunthe pa mawu awo. Mapeto ake abwana anavomera.

Lachisanu loyamba achemwali sanadziwe chochita nalo. Anachapa makatani amene anali oyera kale. Analowa m'kachipinda kaja kawiri, n'kutulukamo manja ali kumbuyo ngati mlendo. Kenako anakhala pa sofa kuti amange nsapato apite kokayenda, ndipo ndinawapeza pomwepo dzuwa litapendeka, ali m'tulo, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja. Ndinazimitsa wailesi n'kuwasiya.

Panopa ntchito yolembanso ija ili pakati. Kukazizira dzanja limachitabe dzanzi, ndipo maso amawathira mankhwala m'mawa ndi madzulo. Dzulo ndinawamva akuuza abwana kuti chodulira chatsopano chikudula mokhota, ndipo sakudziwa chifukwa chake.

"Ndidzachiona Lolemba," anatero.

"Osati mawa?"

"Mawa ndi Lachisanu, bwana."