Mtedza Wambewu Unathera mwa Amuna Anga

Dziko litangolandira ufulu, amuna anga anali sikauti wolondera nyama ku Nsefu. Anali ndi mimba yofika pakhomo mwini wake akadali panjira. Ine ndinkainyadira, chifukwa ndinaimanga ndekha ndi mthiko wanga.

Akuluakulu a kuntchito sanaione choncho. Anati munthu wochita wefuwefu pokwera chulu sangathawe njati, ndipo akapanda kuphwa adzawachotsa ntchito. Kuchipatala anawapatsa timapiritsi topha njala. Anaphwadi. Chakudya ankangochinunkhiza, lamba n'kumamuboola mabowo atsopano ndi msomali. Koma mphamvu nazo zinatsagana ndi mimba ija. Akakwera njinga ankachita chizungulire.

Kuchitsime amayi anayamba kundipatsa moni wachipongwe. "Mwaswera bwanji, amake mwana? Nanga aja kunyumba akudwala, kapena moto unazima?" Zinandiwawa zedi. Ine mwana wa alimi a kumtunda, lero ndizitchuka kuti ndikupha mwamuna ndi njala!

Chimene sankakana chinali mtedza wokha. Wokazinga ankatola umodziumodzi, phala la nsinjiro ankamwa. Wakudya utatha, ndinatsegula chikwatu cha mbewu, mtedza waukuluukulu umene mayi anga anandipatsa potsikira kuchigwa kuno. Ndinati nditapeko kambale kamodzi kokha. Mawa lake kamodzinso. Bamboyo anasiya kuchita chizungulire, anayenda masiku asanu m'tchire osatsalira m'mbuyo, ntchito n'kuisunga.

Mvula yoyamba itagwa ndinapisa dzanja m'chikwatu muja, n'kutulutsa makoko okhaokha. Anzanga onse anali kumunda. Ndinakhala pansi n'kulira ngati wofedwa.

Amuna anga anandiyang'ana. "Usalire," anatero. "Miyendo iyi ndi ya mtedza wako, ikatenge wina." Ananyamuka wapansi mmamawa, kukwera mapiri kukapempha mbewu kwa apongozi awo.

Anabwera patatha masiku anayi, thumba lili pamutu, maso ali pansi. Ndinawafunsa ngati amayi anakana kanthu. Anati ayi, kungoti atawaona anagwira pakamwa, ndipo anawatuma mawu. Anachita kuwakoka mawuwo: "Ati theka ubzale, theka undidyetse. Ati si mmene anakuphunzitsira kusunga mwamuna."

Ndinaubzala wonse tsiku lomwelo, iwo akukumba mapando.