Chulu cha a Eneless pa bwalo la ndege

Amayi anga aakulu, a Eneless, anawoloka Ruo kuchokera kwa Apwitikizi m'chaka cha 1913, khasu paphewa, mwana kumsana. Mzungu wa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Masambanjati anawapatsa pokhala, malipiro ake thangata. Amuna awo atamwalira pa 9 Juni 1927, chowadyetsa chinali kamunda ka nandolo ndi chulu chachikulu chimene chinali pakati pake.

Wosadziwa anganene kuti chulu ndi dothi chabe. Kwathu chulu chili ndi mwini wake, ndipo munthu satchera ngumbi pa chulu cha mnzake asanapemphe. Mvula yoyamba ikagwa, a Eneless ankachifolera ndi udzu ndi masamba a nthochi, n'kukumba kadzenje m'mbali, n'kuikamo mphika. Ngumbizo ankazikazinga ndi kuziyanika, zina n'kukasinthanitsa ndi mchere kwa a Swaibu a kusitolo.

Pa 14 Meyi 1934 kunafika a Stafford, kapitawo wa esiteti, ndi anthu makumi anayi a makasu.

"Mayi, bwana akuti pano pakhala bwalo la ndege. Izibweretsa makalata ndi dokotala."

"Dokotala wa yani, achimwene?"

"Wa odwala."

"Ine msana wandivuta zaka makumi awiri, sanabwere ngakhale panjinga. Lero abwere chouluka?"

A makasu aja anaseka, koma nandolo anazulidwa ali ndi maluwa. Chulu anachigumula masiku asanu ndi limodzi, a Eneless ali chiimire poteropo.

Ndege inatera katatu kokha: pa 2 Ogasiti 1934, pa 19 Okutobala chaka chomwecho, ndi pa 7 Julayi 1935. Wodwala yekhayo amene inamunyamula anali mkazi wa bwana, dzino litamuvuta. Msewu utakonzedwa, bwalo analisiya. Miyala yopaka laimu ya m'mbali inabisika mu udzu.

Koma ogumula aja sanafike pamene panali make wa chiswe. Chulu chinayamba kukweranso pamalo pake penipeni, ndipo pofika 1937 chinali m'chiuno mwa munthu.

Pa 21 Novembala mvula yoyamba inagwa, a Eneless n'kupita kukafolera. Akanapempha kwa yani? Chulu chinali chawo. A Stafford anawapeza akukumba kadzenje.

"Mayi, chotsani udzuwu. Bwaloli ndi la kampani."

"Bwalo ndi la kampani, chulu ndi changa. Kapena bwana wayamba kudya ngumbi?"

"Mundiyambitsira mlandu, mayi."

"Pitani mukamuuze. Ndege yake ikabwera ndidzaipatsa njira."

Anakamuuzadi. Bwana sanafunse n'komwe kuti chulu chili ndi mwini bwanji. Anati mayiyo akuwononga bwalo, bwalo limene ngakhale mbuzi zinkasochera mu udzu wake. Notisi yowachotsa pa esiteti inabwera pa 1 Disembala. Pa 3 Januwale 1938, mvula ili pakati, nyumba yawo inagwetsedwa. Mayi amene anagwira thangata zaka makumi awiri ndi zinayi anathamangitsidwa chifukwa cha mphika umodzi wa ngumbi.

Anayenda pansi mpaka ku Goliati, kwa mng'ono wawo, amayi anga ondibereka. Kumeneko anakhala opanda munda wawo mpaka tsiku lomwalira, pa 11 Seputembala 1941.

Ndinadutsa pabwalopo pa 6 Disembala 1958. Ndege sinaterenso. Chulu chinali chitandiposa msinkhu, chosafolera, nyengo ya ngumbi ili pakati. Ndinafunsa mayi wina wothyola tiyi chifukwa chake sachitchera.

"N'cha a Eneless chimenecho," anatero. "Tikapempha kwa yani?"